Funsani Azakhali: "Ndinamuuza kuti abwere usiku womwewo, anafera panjira"

Mwezi uno makalata ambiri abwera onyowa ndi misozi. Ndasankhamo atatu chifukwa akufanana penapake, onse ndi achinyamata okondana koma pakati pawo pagona maliro. Mayina ndachotsa ngati nthawi zonse. Yoyambayi ndaisiya yaitali dala, ndikanaidula mukanaphonya pomwe pagona nkhani.

KALATA YOYAMBA

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 22, kalatayi ndakhala ndikulemba nkufufuta, kulemba nkufufuta mwina kasanu, lero ndangoti zivute zitani nditumiza basi. Ndinali pachibwenzi ndi mnyamata wina kwa zaka zitatu, tinayamba kukondana tili kusekondale ndipo aliyense ankadziwa kuti ukaona uyu ndiye kuti winayo ali pafupi. Chaka chatha tinayambana pa nkhani yopusa moti ndikuchita manyazi kuilemba, kamtsikana kena kankamuyikira timitima pa chithunzi chake pa Facebook nde ine mtima unangokwera. Anandiimbira kanayi ine osayankha, kenako cha m'ma 9 usiku ndinamulembera pa WhatsApp kuti "ngati umandikondadi ubwere pompano tidzakambirane pamaso, apo ayi zathera pomwepa". Kunja kunkagwa mvula. Iye anangoyankha kuti "ndikubwera bwana", umu ndi momwe ankanditchulira akafuna kundiseketsa, nkukabwereka njinga yamoto ya mnzake. Sanafike Azakhali. Anawombana ndi galimoto pakona ina ndipo pomafika naye kuchipatala anali atatisiya kale. Ine nthawi imeneyo ndili pabedi ndakonza kale mawu oti ndimulalatire, mpaka ndinamulemberanso kuti "ndinadziwa kuti subwera". Meseji imeneyo mpaka lero ili ndi tiki imodzi.

Foni yake inaphwanyikira pomwepo nde palibe amene akudziwa komwe ankapita, anthu amangoti kaya chinamutulutsa nchani mvula yonse ija. Mayi ake amandikonda, amandiimbira kundifunsa ngati ndadya, amati "mwana wanga iwe ndiwe chikumbutso changa", ine ndikangodula foni ndimalira mpaka mutu kuwawa.

Tsopano vuto lina ndi ili. Mnzake uja, mwini njingayo, ndi amene ankabwera kudzandiona anthu onse atasiya. Tinkangokhala nkumakamba za malemu, pena kuseka pena kulira, kenako sindikudziwa kuti zinasintha liti koma pano papita miyezi 14 chichitikireni ngozi ija ndipo miyezi iwiri yapitayi tayamba chibwenzi mobisa. Iyeyo amadziimba mlandu koopsa, amati ndikanamukaniza makiyi bwenzi ali moyo, amati ndinamupha ndine. Akamanena choncho ine ndimangokhala chete ngati chitsa pomwe ndikudziwa kuti anamutuma ndine. Pena ndimaganiza kuti bola ndikanafa ineyo. Kodi ndamuchita chipongwe malemu? Kodi ndiulule? Nanga munthu amene sangakuyankhenso umamupepesa bwanji?

Mtsikana wosowa tulo

Mwana wanga,

Ndiyambire pa chiganizo chomwe wachibisa chakumapeto, chija wati bola ukanafa iweyo. Ngati ndi mawu a kutopa chabe ndakumva, ambiri oferedwa amawanena. Koma ngati maganizo amenewa akubwerabwera, kapena wayamba kuganizira njira yodzivulazira, usadikire yankho la m'magazini, uza munthu wamkulu amene umamukhulupirira lero lomwe ndipo akuperekeze kuchipatala ukawauze adokotala mawu omwewa osawakongoletsa. Sakakuseka ayi, ndi ntchito yawo imeneyo. Ndanena izi poyamba kuti zinazi uwerenge tagwirizana.

Tsopano tiye pa mlandu womwe wadzizenga wekha, iwe wapolisi iwe mboni iwenso woweruza. Ukuti unamupha. Ine ndikufunsa, pamene unkalemba meseji ija 9 koloko usiku, unkadziwa kuti pakona ija pakubwera galimoto? Ukanadziwa ukanalemba? Yankho ukulidziwa. Chimene chikukuzunza ndi chinyengo china cha ubongo chomwe tonse tili nacho, zinthu zikachitika timayamba kuona ngati zinali zoonekeratu. Katswiri wina wa zamaganizo, Baruch Fischhoff, pamodzi ndi mnzake Ruth Beyth anachiyesa chimenechi. Mu 1972 pulezidenti wa America Richard Nixon asananyamuke ulendo wake wa ku China ndi ku Moscow, anafunsa ophunzira kuti alosere zomwe zikachitike kumeneko. Ulendo utatha anawafunsanso kuti paja munalosera zotani, ndipo ambiri ankakumbukira molakwika, zinthu zomwe zinachitikadi ankati tinaziona kale zikubwera pomwe mapepala awo oyamba ankasonyeza kuti sanali otsimikiza choncho. Zotsatira zake anazisindikiza mu 1975. Ngati anthu amadzinamiza chonchi pa ulendo wa pulezidenti amene alibe naye chibale, nanga pa imfa ya munthu amene unkamukonda? Iwe wa lero ukudziwa mathero a usiku uja nde ukuweruza iwe wa chaka chatha ngati nayenso ankawadziwa. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo usiku uja sichinaimbedi.

Ndipo usaiwale kuti pamsewupo panali zinthu zambiri zomwe iwe sunazigwire, mvula, mdima, liwiro, woyendetsa galimoto uja, kona ija. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni chaka chilichonse, ndipo ndi zomwe zikutsogola kupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Aliyense mwa anthu amenewa ankapita kwinakwake, wina anatumidwa ndi mayi ake, wina ankakatenga mwana, wina anaitanidwa ndi bwenzi. Tikati aliyense woitana ndi wakupha ndiye kuti dziko lonse ndi ndende.

Koma sindikunamiza kuti ulibe kalikonse koti udandaule nako, ukanandigwira bodza ndipo zonse ndanenazi ukanazitaya. Meseji ija inali yoipa. Kuuza munthu kuti ngati umandikonda chita chakuti apo ayi zatha ndi kumupanikiza, ndi chibwana cha nsanje, ndipo achinyamata ambiri amene akuwerenga pano alembapo yotero sabata yomwe ino. Cholakwa chako ndi chimenecho, kukula kwake ndi komweko. Mlandu wake ndi woti akanafika bwinobwino atanyowa, mawa lake ukanati pepa ndinapsa mtima, iye nkukuseka kuti bwana mwaziziratu. Iwe watenga mlandu wa pepa nkuupatsa chilango cha kupha munthu. Ulape pa chomwe unachitadi, chinacho si katundu wako.

Taonanso yankho lake. Munthu amene wakwiya kapena akubwera mokokedwa salemba kuti "ndikubwera bwana". Anakuseka, ndipo anasankha yekha kubwera chifukwa ankafuna kukonza zinthu ndi iwe. Mawu omaliza amene anakusiyira ndi nthabwala yanu ya awiri. Iwe maso ako akakamira pa meseji ya tiki imodzi ija, yomwe sanaione nkomwe. Tiki imodzi ikutanthauza kuti sinafike pafoni yake mwana wanga, anapita osaiwerenga.

Funso loti uulule, yankho langa ndi eya, kwa mnyamatayu umuuze. Chifukwa chake si choti ulangidwe. Taganiza, munthu akulira pamaso pako kuti ndinamupha ndine chifukwa cha makiyi, iwe uli ndi chidutswa china cha nkhani chomwe chingamuonetse kuti usiku uja unali ndi manja ambiri ndipo palibe dzanja limodzi lomwe linapha. Ukamangokhala chete ukumusiya asenze yekha, ndipo chikondi chomwe chili ndi chipinda chokhoma chotere sichipuma bwino, tsiku lililonse akakuuza kuti ndimakukonda mumtima uziti akanadziwa sakanatero. Udzatopa nazo. Koma kauzidwe kake kasamale. Osati pa meseji, mameseji akupweteka kokwanira. Osati pakati pa mkangano, osatinso usiku iye ali ndi ulendo wobwerera kwawo. Masana, muli awiri, umuonetse foniyo awerenge yekha, unene mwachidule kuti ndinamuitana ndine, ndinkaopa kukuuza, ndipo ndalakwa kukusiya ukudziimba mlandu wekha miyezi yonseyi. Ukatero ukhale chete. Akhoza kukwiya, makamaka chifukwa cha kubisako osati meseji yeniyeniyo, akhoza kupempha masiku angapo osalankhulana. Umupatse. Sindikulonjeza kuti chibwenzi chipulumuka, ine si mlosi, koma ndikuona kuti munthu amene amadziwa kulemera kwa "ndikanamukaniza" ndi amene angamvetse msanga kulemera kwa "ndikanapanda kulemba".

Kwa mayi ake ndiye pang'onopang'ono. Apa dzifunse moona mtima kuti ukufuna kuwauza kuti iwo apepukidwe kapena kuti iwe utule. Ngati funso loti mwana wanga ankapita kuti limawasowetsa mtendere, ngati amalibwerezabwereza, kudziwa kuti ankapita kwa munthu amene ankamukonda kukhoza kuwatonthoza kuposa momwe ukuganizira, makolo ambiri chimawapweteka ndi kusadziwa. Koma usapite wekha ndipo usapite sabata yomweyo yomwe wauza mnyamatayu. Upeze munthu wamkulu wokhwima maganizo amene amawadziwa, umufotokozere kaye, akuthandize kuona nthawi. Nkhani ya chibwenzi chatsopanoyi nayo aimve kwa inu eni ake isanawapeze kudzera kwa anthu, koma izi ndi nkhani ziwiri, osazimanga mtolo umodzi tsiku limodzi.

Zoti wamuchita chipongwe malemu, ayi. Simunayambe iye ali moyo, ndipo papita chaka ndi miyezi. Zoti oferedwa awiri amayamba kukondana si zachilendo nkomwe, ndi ndani winanso amene akanakumvetsa? Pali liwu lomwe Kenneth Doka wa ku America anabweretsa mu 1989 lonena za chisoni chomwe anthu sachiwerengera, chisoni cha munthu amene alibe mpando pamaliro. Chibwenzi chimagwera mmenemo. Mkazi wa malemu anthu amamudziwa, mayi amawadziwa, koma chibwenzi pakatha milungu iwiri amayamba kukuuza kuti ukadali mwana upeza wina. Mnzake wapamtima nayenso chimodzimodzi. Nde inu awiri munapezana pakona ya anthu oiwalidwa, palibe chodabwitsa.

Chomwe ndikufuna uyese ndi ichi, ndipo apa ndikulankhula ngati zakhali wako osati wa mabuku. Mukakumana, mumatha maola awiri osamutchula malemu? Ukudziwa chomwe mnyamatayu amafuna pamoyo wake, chomwe chimamukwiyitsa, nyimbo zomwe amakonda iyeyo osati zomwe ankakonda mnzake? Ngati mukachotsa malemu pakati panu mukusowa chokamba, ndiye kuti mwina chomwe muli nacho ndi ubale wa chisoni, ndi wabwino ndithu koma si chibwenzi, ndipo kuuvala dzina lolakwika kudzakupwetekani nonse. Ngati mukupeza kuti pali zanuzanu, zoseka zanu zatsopano, ndiye pitirizani mosathamanga. Kuseka naye Loweruka nkulira malemu Lamlungu sikutanthauza kuti ndiwe wachiphamaso. Margaret Stroebe ndi Henk Schut a ku yunivesite ya Utrecht ku Netherlands analemba mu 1999 kuti woferedwa amayenda chonchi, pena ayang'ane chomwe wataya pena ayang'ane moyo womwe ukupitirira, kupita nkubwerera, ndipo kusinthasintha kumeneku ndi komwe kumamuchiritsa. Mtima sungalire maola 24, umafuna kupuma.

Kupepesa munthu amene sangayankhe. Ili ndi funso lomwe nane linandisowetsapo tulo, mchemwali wanga anamwalira tisakulankhulana chifukwa cha nkhani yomwe lero sindingathe kuifotokoza bwinobwino, nde sindikulankhula zongowerenga. Chomwe chinandithandiza ndi chomwe alangizi ambiri amauza anthu, kulemba kalata papepala ndi cholembera. Umutchule dzina lomwe unkamutchula, umuuze zonse, za timitima tija, za nsanje, za mawu omwe unakonza kuti umulalatire, za mnzake. Upepese pa meseji ija. Kenako utembenuze pepala ulembe yankho lake, momwe iyeyo ankalankhulira, iwe unakhala naye zaka zitatu mawu ake ukuwadziwa. Ndikukayika ngati munthu wa "ndikubwera bwana" angakulembere kuti uvutike moyo wako wonse. Ukhoza kukaiwerenga kumanda kapena m'chipinda mwako, ndipo ngati ndiwe wopemphera uipititsenso kumeneko. Macheza a pa WhatsApp aja sindikuti ufufute, koma uwachotse pamwamba, uwasunge pena poti sungawaone nthawi iliyonse ukatsegula foni. Kuwawerenga usiku uliwonse kuli ngati kutokosa chilonda kuti uone ngati chapola.

Chomaliza, kusowa tulo kwa miyezi 14 si kwamasewera. Kuyambira mu January 2022 buku la WHO la mayina a matenda lili ndi vuto la chisoni chokhalitsa, pomwe munthu patatha miyezi yoposa 6 akadali womangika, akulakalaka malemu tsiku lonse, akudziimba mlandu, ntchito kapena sukulu yaima. Madokotala a zamaganizo a ku America analiika m'buku lawo mu March 2022, iwo amawerenga miyezi 12 kwa akuluakulu. Sindikuti uli nalo, zimenezo angaone ndi amene wakhala nawe pansi, koma ndikuti chilipo, chili ndi dzina, ndipo chimathandizika ndi uphungu. Pita ukaonane ndi mlangizi, ndipo mnyamatayu naye apite payekha, musakhale madokotala a wina ndi mnzake.

KALATA YACHIWIRI

Azakhali,

Ine ndi mnyamata wa zaka 24. Mayi a chibwenzi changa anamwalira miyezi inayi yapitayo atadwala nthawi yaitali. Tsiku lomwe anamwalira chibwenzi changacho chinandiimbira maulendo 11 koma foni ndinali nditaitseka mawu chifukwa ndinali ndi anzanga tikuonera mpira, ndinaona mmawa. Ndinathamangira komweko ndipo pamaliro ponse ndinalipo, ndinagwira ntchito ngati mwana wa pakhomopo, koma kuyambira pamenepo wasintha. Ndapepesa kambirimbiri, ndamufotokozera kuti sindikanadziwa, amati ndakukhululukira koma tikangosemphana pang'ono amayambanso kuti paja iwe mpira ndi wofunika kuposa ine. Kodi kukhululuka kwake nkotani kumeneku? Anzanga akuti akungondizunza ndimusiye. Ndimamukonda koma ndatopa kukhala wolakwa tsiku lililonse.

Mnyamata wotopa

Mwana wanga,

Anzakowo ndi omwe unali nawo kumpira kuja eti? Malangizo awo tawaika kaye pambali.

Ndaona kanthu m'kalata yako. Wati ndapepesa, ndamufotokozera kuti sindikanadziwa. Ndikuganiza kuti kupepesa kwako kumabwera ndi mchira, pepa koma foni inali chete, pepa koma sindikanadziwa. Ndi zoona sukanadziwa ola lake, koma mayiwo anali akudwala nthawi yaitali, ndipo munthu amene chibwenzi chake chikudwazika matenda aakulu satseka foni usiku wonse. Apa mpomwe pali kulakwa kwako, si kwakukulu ngati kupha munthu koma kulipo, ndipo iye akudikira kuti ukutchule wekha popanda loya. Wayesapo kumufunsa kuti usiku umene uja unali bwanji, nkungomvetsera mpaka amalize? Tayerekeza kuimba kachisanu ndi chiwiri, kachisanu ndi chitatu, uli pakhonde la chipatala manja akunjenjemera, foni ikungoitana. Chimene akukumbuka ndi chimenecho, sakukumbuka mipando yomwe unanyamula pamaliro. Mulole akuuze zonse, olo zikuwawe, kenako unene kuti unali wekha nthawi yomwe unkandifuna kwambiri, ndinalakwa. Basi, osawonjezera koma.

Zoti amati ndakukhululukira kenako nkuyambiranso, sikuti akunama. Everett Worthington, amene anali pulofesa ku Virginia Commonwealth University ku America ndipo wafufuza za kukhululuka kwa zaka zambiri, amasiyanitsa mitundu iwiri. Pali kukhululuka kochita kusankha, pomwe munthu amati sindibwezera, sindikutaya. Palinso kwa mumtima, pomwe ululu weniweniwo umasungunuka nkulowedwa m'malo ndi chifundo. Koyambako kumatheka tsiku limodzi, kwachiwiriku kumayenda pa liwiro lake. Bambo ameneyu sankangolemba za m'kalasi, mayi ake anaphedwa ndi wakuba m'nyumba mwawo usiku wolowera chaka cha 1996, ndipo mchimwene wake amene anapeza mtembowo anadzadzipha mu 2005. Iye mwini amanena kuti kudzikhululukira pa imfa ya mchimwene wakeyo kunamuvuta kwambiri kuposa kukhululukira wakupha uja. Mtsikana wa kalata yoyamba, ndime imeneyi ndi yakonso. Nde iwe mnyamata, chibwenzi chako chakupatsa mtundu woyamba, wachiwiri ukubwera, ndipo miyezi inayi pa imfa ya mayi ndi dzulo lomweli.

Palinso china. Woferedwa amakhala ndi mkwiyo wosowa kopita. Sangakalipire matenda, sangakalipire mayi ake kuti mwandisiyiranji, pena amaopa kukalipira Mulungu, nde umagwera amene ali pafupi komanso amene akudziwa kuti sathawa. Anthu amakonda kutchula masitepe asanu a chisoni a Elisabeth Kübler-Ross, kukana, mkwiyo, kunyengerera, kukhumudwa, kuvomereza, ngati kuti munthu akadutsa pa mkwiyo ndiye wadutsa basi. Koma mayi ameneyu analemba zimenezi mu 1969 atacheza ndi odwala omwe anali pafupi kumwalira ku Chicago, osati anamfedwa, ndipo chisoni sichiyenda pamzere choncho. Mkwiyo umapita, umabwera pa tsiku lobadwa la malemu, umabweranso akaona mayi wina atavala ngati mayi ake. Usamawerenge kuti pofika pano anayenera kukhala pa sitepe yakuti.

Izi sizikutanthauza kuti ukhale ng'oma yoti aziimba mpaka kalekale. Mukakhala pamtendere, osati pakati pa moto, umuuze kuti za usiku uja ndili wokonzeka kukamba nthawi iliyonse ukafuna, koma tikamakangana za zina tiyeni tikangane za zinazo. Ndi pempho labwinobwino. Ndipo foni yako izilankhula m'malo mwako, nambala yake uiike poti izilira olo foni ili chete, mafoni ambiri ali ndi kuthekera kotero, akaimba uziyankha, ukalephera uzibweza msanga. Kuona maso a nkhono nkudekha. Koma pakatha chaka zinthu zili chimodzimodzi, kapena zafika pa kutukwana ndi kukunyoza pagulu, ndiye mukhale pansi ndi mlangizi, ndipo ngati akana udzakhala ndi ufulu woganiza za moyo wako popanda kudzitcha woipa.

KALATA YACHITATU

Azakhali, ine zanga ndi zachidule. Ndili ndi zaka 20, mnyamata amene ndili naye chibwenzi chake choyamba chinamwalira zaka ziwiri zapitazo. Ndi wabwino koma chithunzi cha malemu chikadali pa sikirini ya foni yake, ndipo pa tsiku lomwe anamwalira amaika sitetasi yaitali ya mawu achikondi omwe ine sanandilemberepo. Ndikuchita nsanje ndi munthu wakufa ndipo ndikudziona ngati mfiti. Ndine woipa?

Wansanje

Mwana wanga, mfiti ayi, ndiwe munthu. Kupikisana ndi malemu nkovuta chifukwa iye salakwanso, sachedwa, sapsa mtima, anaima pa zaka zomwe anali wokongola. Iwe wamoyo ndi amene umadzuka ndi nkhope yotupa.

Kale akatswiri ankaphunzitsa kuti woferedwa achire ayenera kudula chingwe ndi malemu. Mu 1996 Dennis Klass, Phyllis Silverman ndi Steven Nickman anasonkhanitsa kafukufuku wosonyeza kuti anthu ambiri sadula, amangosintha kakhalidwe ka ubalewo, ndipo amakhala bwinobwino. Nde zoti amuiwale usapemphe, sangathe, ndipo ukamukakamiza azingomukumbukira mobisa zomwe ndi zoipa kuposa. Walira mvula walira matope, unamukonda ali ndi bala lake. Tsiku limodzi pachaka lija musiyire, ukhozanso kumufunsa kuti malemu anali munthu wotani, udzadabwa momwe nsanje imachepera munthu akasiya kukhala chithunzi nkukhala mtsikana wamba amene naye ankalakwitsa zinthu.

Koma sikirini ya foni ndi nkhani ina, imeneyo amaiona kambirimbiri patsiku ndipo nawe umaiona nthawi zonse foni ikalira muli limodzi. Uli ndi ufulu womuuza modekha kuti sindikuti ufufute, koma chikakhala pamenepo ndimamva ngati ndine mlendo. Umuuzenso chenicheni chomwe chikukuwawa, chomwe ndachiona m'kalata yako si chithunzi ayi, ndi mawu aja omwe iwe sunalemberedwepo. Anyamata ena amatha kulankhula zachikondi kwa munthu amene wapita yekha chifukwa iye sangawasiyenso, kwa wamoyo amaopa. Umufunse. Akamva nkusuntha chithunzicho olo patapita milungu ingapo, muli bwino. Akakwiya nkukuuza kuti sungafanane naye, undilemberenso, pamenepo tidzakamba zina.

Azakhali